Mlandu Suola: Tsiku Limodzi ku Ndende ndi ku Khothi la Orlando

Usiku woti mawa lake tipite ku ndende, tinakhala pa khonde la nyumba imene alamu anga amachita lendi kumadzulo kwa Orlando. Kunja kunali chifundizi chija cha kunyanja mvula ikamayandikira. Iwo akhala ku Florida zaka zambiri akugwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo mzindawu amaudziwa ngati kumunda kwawo. Tili mkati mocheza anatulutsa foni, n'kudinadina, kenako n'kundipatsira.

"Taonani, alamu," anatero. "Kuno ukamangidwa usiku, kukamacha nkhope yako ili kale pa intaneti."

Ndinatsitsa ndi chala. Panali mnyamata wa maso otupa, mayi wa tsitsi losapesa, ndi bambo wa imvi amene anayang'ana kamera ngati akufunsa kuti wafika bwanji pamenepo. Pambali pa nkhope iliyonse panali dzina lonse, zaka, tsiku lomangidwa, mlandu umene akumuganizira ndi ndalama ya belo. Silinali tsamba la akatangale ayi, linali la boma. Palibe anandifunsa kuti ndine yani kapena ndikufunanji. Ndinagona mtima uli pawiri, ndipo m'mawa ndinapempha alamu kuti anditengere komwe nkhopezo zimachokera.

Ku America, pafupifupi chigawo chilichonse anachigawa m'maboma ang'onoang'ono amene amawatcha county, ofanana pang'ono ndi boma la Dedza kapena Mulanje kwathu. M'dziko lonse alipo oposa 3,000, ndipo Florida yokha ili ndi 67. Orlando ili mu Orange County. Mkulu wa apolisi a county amatchedwa sheriff, koma si asherifu olanda katundu wa angongole amene timawadziwa kwathu. Uyu anthu amachita kumuvotera, ndipo m'ma county ambiri ndiye amayang'anira ndende. Ku Orange County ndendeyo ili m'manja mwa nthambi ya boma la county yoona za akaidi. Kaya wakugwira ndi wapolisi wa mzinda kapena wa sheriff, ulendo wako umathera pamalo amodzi, amene aliyense mu Orlando amangowatchula kuti 33rd Street.

Tinafika kumeneko dzuwa litangokwera. Musanaone ndende yeniyeniyo mumayamba mwaona timaofesi ta anthu ochita malonda a belo, ta zikwangwani zowala usana ndi usiku. Woweruza akanena kuti belo ndi madola 5,000 ndipo banja lilibe, limapita kwa anthu amenewa n'kulipira gawo limodzi mwa magawo khumi, madola 500. Iwo amaimira zotsalazo ku khothi, koma madola 500 aja sabweranso, ngakhale mlandu utatha munthu osapezeka wolakwa. Alamu anandiuza kuti a malonda amenewa ndi ena mwa anthu oyamba kuwerenga mndandanda wa omangidwa tsiku lililonse, pamodzi ndi maloya ofuna makasitomala ndi atolankhani ofuna nkhani.

Kuseri kwa mipanda ya waya kuli nyumba zambiri zopanda maonekedwe, ndipo imodzi mwa izo ndi Booking and Release Center, khomo lolowera ndi lotulukira. Mkati mwenimweni mlendo salowa, koma zimene zimachitikamo si zobisika. Womangidwa amamulanda lamba, foni ndi chikwama n'kuzilemba m'kaundula. Amamudinda zala, namwino amamufunsa za matenda ndi mankhwala, kenako amamuimika pakhoma n'kumujambula. Chithunzi chimenecho ndicho mugshot. Kajambulidwe kake, kuyang'ana kutsogolo ndi kuyang'ana kumbali, kadakhazikitsidwa ndi Alphonse Bertillon wa ku polisi ya Paris cha m'ma 1880, ndipo cholinga chake chidali chakuti apolisi azizindikira munthu akabweranso ndi dzina lina. Chidali chida cha mu ofesi, chosungidwa m'kabati. Lero kabatiyo ili m'thumba mwa aliyense amene ali ndi foni.

Malamulo a makhothi a Florida amati womangidwa aonekere pamaso pa woweruza pasanathe maola 24, kaya ndi Lamulungu kaya ndi Khirisimasi. Bwalo loyambali limachitikira ku ndende komweko, ndipo anthu wamba amaloledwa kuonerera. Tinakhala pa benchi pamodzi ndi abale a omangidwa. Akaidi ankabwera mmodzimmodzi atavala yunifomu ya kundende. Woweruza ankawerenga zimene wapolisi analemba, n'kuona ngati panali chifukwa chokwanira chomangira munthuyo, n'kumufunsa ngati angathe kulipira loya kapena akufuna loya wa boma, n'kutchula belo. Ena ankatha mphindi ziwiri zokha. Kwa mmodzi woweruza anaima, n'kuwerenganso pepalalo, n'kufunsa woimira boma pa milandu funso limene anachedwa kuliyankha. Ndinaona kuti kukhalapo kwathu pa benchi paja sikunali kwachabe. Munthu amasamala kalankhulidwe akadziwa kuti pali makutu ena akumva.

Pafupi nane panakhala mayi wina wachikulire atafumbata jumbo ya pulasitiki. Munali botolo la mapiritsi ndi magalasi a maso. Zala zake zinkangopotokola zogwirira za jumboyo mpaka zinasanduka kachingwe. Atamva tikulankhula chinenero chachilendo anamwetulira pang'ono, ndipo pa nthawi yopuma anatiuza kuti mwana wake sanabwere kunyumba usiku, foni yake inali yozima, ndipo iye anaimbira zipatala ziwiri osamupeza. Pakati pa usiku mdzukulu wake analemba dzinalo pa tsamba la ndende, nkhope n'kutulukira. Anati analira, koma kunali kulira kwa munthu amene wadziwa kuti mwana wake ali moyo ndiponso kuti ali kuti.

Mawu a mayiyo anandifikitsa kwathu. Amene tinakula m'nthawi ya chipani chimodzi tikudziwa tanthauzo la munthu kutengedwa usiku popanda pepala lililonse. Panalibe mndandanda woti mkazi wake akawerenge, ndipo kufunsa kumene kunali mlandu. Mlakatuli Jack Mapanje adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaimbidwa mlandu uliwonse. Mu Meyi 1983, Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga adagwidwa mwakachetechete, ndipo mtundu wonse udauzidwa kuti afa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza, mpaka kafukufuku wa 1994 adaulula kuti adachita kuphedwa. N'chifukwa chake malamulo aakulu a dziko lathu amanena kuti womangidwa afike ku khothi pasanathe maola 48. Choncho sindingapeputse kaundula woonekera. Boma limene limakakamizidwa kulemba poyera kuti lagwira yani, nthawi yanji, kuti, ndiponso chifukwa chiyani, limavutika kusowetsa munthu.

Florida ndi chimodzi mwa zigawo zimene zidatsekula kwambiri makabati a boma. Lamulo lake la zikalata za boma lidayamba mu 1909, ndipo lero limadziwika kuti Chapter 119. Mu 1967 adawonjezera lamulo lakuti misonkhano ya akuluakulu a boma izichitikira poyera, limene amalitcha Sunshine Law, kutanthauza kuti boma ligwire ntchito dzuwa likuswa mtengo. Mu 1992 ovota adaika ufulu woona zikalata za boma m'malamulo aakulu a chigawochi. Apolisi angathe kubisa zimene akufufuza pa mlandu umene udakali mkati, ndipo zambiri zokhudza ana ndi anthu ogwiriridwa n'zotetezedwa. Koma dzina la womangidwa, zaka zake, kumene amakhala, nthawi ndi malo amene anagwidwira ndi mlandu wake, lamulo limati zimenezo sizingabisidwe. Nkhani zodabwitsa zoyamba ndi mawu akuti Florida Man zimene zimazungulira pa intaneti zimachokera kwambiri pamenepa. Si kuti anthu a ku Florida ndi osokonekera kuposa ena, koma kuti mtolankhani amapeza lipoti la apolisi mosavuta.

Cha m'ma 11 koloko tinalowera pakati pa mzinda, ku Orange Avenue, kumene kuli khothi lalikulu la county. Ndi nsanja ya nyumba zosanjikizana zoposa makumi awiri, yomalizidwa mu 1997, ndipo imaonekera patali. Pakhomo tinavula malamba, kuika makiyi ndi mafoni m'mbale, n'kudutsa pa makina ofufuza zitsulo. Mkati munali kozizira ngati m'firiji. Maloya a masuti ankathamangira zikepe atakolekera mafaelo m'khwapa, pamene anthu ena ankayenda pang'onopang'ono akuwerenga zikwangwani, kapepala ka samani kali m'manja.

Tinapita ku ofesi ya kalaliki wa khothi. Uyunso ndi udindo wochita kuvotera, ndipo ndiye msungi wa mafaelo onse a milandu. Ndinafika pa windo ndi mantha a Mmalawi wozolowera kufunsidwa kalata yochokera kwa bwana. Ndinali nditakonzeratu chiphaso ndi zifukwa. Mayi wa pa windoyo sanafune chilichonse mwa zimenezo. Pansi pa lamulo la Florida, wopempha chikalata cha boma sakakamizidwa kutchula dzina lake kapena chifukwa chake, ndipo sayenera kukhala nzika. Anangondilozera makompyuta a anthu wamba n'kundiuza kuti kuwerenga n'kwaulere, koma ndikafuna pepala ndilipira dola imodzi pa tsamba. M'maofesi ena a boma mtengo wake ndi masenti 15.

Ndinakhala pa kompyuta n'kutsekula faelo ya mlandu wina wakale, wa munthu amene sindimudziwa ndipo sindidzamutchula. Inayamba ndi lipoti la wapolisi, lolembedwa motsimikiza, mawu alionse akuloza kuti munthuyo ndi wolakwa. Kenako panali belo, kusankhidwa kwa loya, tsiku la khothi, kulisuntha, kulisunthanso. Ndinatsitsa mpaka pansi penipeni, ndipo pa mzere womaliza panali mawu awiri a Chilatini, nolle prosequi. Alamu anandimasulira kuti boma linausiya mlanduwo. Munthuyo sanapezeke wolakwa ndipo sanapatsidwe chilango. Koma kuti ndifike pa mzere umenewo ndinachita kubwera ku khothi, kudziwa pofufuza, kuwerenga mpaka kumapeto ndi kupeza wondimasulira. Nkhope ndi mlandu zinafika pa foni yanga usiku ndili pa khonde, mwaulere ndi mwachangu. Chigamulo chinandidikira pansi pa faelo m'chinenero chakufa.

Apa m'pamene alamu anandiuza nkhani imene anali ataisunga. Mnzawo wina wa kuntchito, wochokera kumadzulo kwa Africa, anamangidwa zaka zapitazo mu county ina atakangana ndi munthu woyandikana naye nyumba. Anagona m'chitokosi usiku umodzi, ndipo patapita milungu ingapo mlandu unathetsedwa. Iye anaganiza kuti zatha. Koma kulikonse kumene ankafunsira ntchito yosamalira odwala ankamuuza kuti amuimbira, osamuimbira. Eni nyumba za lendi ankasintha nkhope akangolemba dzina lake pa kompyuta. Tsiku lina analemba yekha dzina lake pa Google, ndipo choyamba kutuluka chinali chithunzi chija, pa tsamba la anthu ena amene anachikopera ku ndende. Pansi pake panali uthenga wakuti akalipira madola mazana angapo achichotsa. Analipira. Patapita mwezi chinatulukira pa tsamba lina.

"Alamu, kwathu timati mlandu suola," anatero. "Koma uwu ndi mlandu woti kulibe, ndipo ndi umene ukukana kuola."

Mwambiwo makolo adaunena pochenjeza wolakwa kuti tsiku lake lidzafika. Sadaunene kuti wosalakwa asenze chitonzo mpaka kumanda. Malonda a nkhope za omangidwa adakula kwambiri cha m'ma 2010, pamene makompyuta adayamba kukolola okha zithunzi zonse zimene ndende zaika pa intaneti. Mu Okutobala 2013 nyuzipepala ya New York Times idalemba za malonda amenewa, ndipo nthawi yomweyo Google idasintha kafufuzidwe kake kuti masamba otere asamatulukire pamwamba, pamene makampani a makadi olipirira adayamba kukana kuwatumikira. Mu Meyi 2018 boma la California lidatsekulira milandu anthu anayi oyendetsa tsamba la Mugshots.com, powaganizira kuti ankalanda anthu ndalama mowaopseza. Florida nayo idakhazikitsa lamulo limene lidayamba kugwira ntchito mu Julaye 2018, loletsa kulipiritsa munthu kuti chithunzi chake chichotsedwe ndiponso lolamula kuti chichotsedwe pasanathe masiku 10 mwini wake akapempha polemba kalata. Mu 2021 adalikulitsa kuti ligwire aliyense amene malonda ake enieni ndi kufalitsa zithunzi zimenezi. Koma tsamba likhoza kukhala kunja kwa dziko, mwini wake osadziwika, ndipo chithunzi chikalowa pa Facebook n'kugawidwa kambirimbiri palibe kalata imene ingachibweze.

Ngakhale nyuzipepala zolemekezeka zidadyapo. Kwa zaka zambiri zinkaika mizere ya nkhope za omangidwa pa masamba awo chifukwa anthu ankakonda kuzidina, ndipo kudinako kunkabweretsa ndalama za otsatsa malonda. Mu 2020, dziko litagwedezeka ndi imfa ya George Floyd, Orlando Sentinel ndi Tampa Bay Times zidasiya mchitidwewu, ndipo apolisi a San Francisco adalengeza kuti sazitulutsanso zithunzi zambiri zotere. Chifukwa chimene ankapereka n'chakuti mzere wa nkhope wopanda nkhani yake umangokhomereza maganizo akuti anthu akuda ndi osauka ndiwo zigawenga. Bungwe la FBI lidawerengera kuti mu 2019 mokha, ku America kudachitika kumanga anthu koposa 10 miliyoni. Ambiri mwa iwo ndi a milandu ing'onoing'ono, ndipo ochuluka ndithu milandu yawo imathera panjira.

Ndinabwerera pa windo kukafunsa kuti munthu wotere angadziyeretse bwanji. Njira ilipo koma ndi yokwera phiri. Amayamba wapempha chikalata ku Florida Department of Law Enforcement, kulipira madola 75, kudinditsa zala, kudikira, kenako n'kukapempha woweruza kuti faelo itsekedwe kapena ifufutidwe. Mwayi umenewu kawirikawiri umaperekedwa kamodzi kokha pa moyo wa munthu, ndipo pali milandu imene saloleza n'komwe. M'zaka zaposachedwapa chigawochi chayamba kutseka chokha zina mwa mbiri za anthu amene milandu yawo inathetsedwa, chimene ndi chinthu chabwino. Koma lamulo la woweruza limagwira makabati a boma okha. Kampani imene inakopera kale mbiriyo n'kumaigulitsa kwa olemba ntchito ndi eni nyumba imatha kukhala nayobe. Ndipo kwa abale athu okhala kuno pa ziphaso, pali chinthu china choti adziwe: mafomu a za olowa m'dziko amafunsa ngati munthu anamangidwapo, ndipo yankho liyenera kukhala loona ngakhale faelo idafufutidwa. Wanzeru amapita kwa kalaliki kukatenga pepala lodindidwa losonyeza mmene mlandu unathera, n'kulisunga pamodzi ndi pasipoti.

Makhothi a America enieniwo akhala akulimbana ndi funso limeneli. Mu 1989 khothi lalikulu la dzikolo lidakana kuti atolankhani apatsidwe mbiri yonse ya milandu ya munthu yosungidwa ndi FBI. Maganizo a oweruza adali akuti pali kusiyana pakati pa mapepala omwazikana m'makhothi ndi m'mapolisi osiyanasiyana, amene munthu angawapeze atakhetsa thukuta, ndi mulu umodzi wosonkhanitsidwa m'kompyuta. Thukuta lija linkateteza anthu. Amene ankavutika kukwera basi, kuima pa mzere ndi kufufuza m'mafaelo anali munthu wokhala ndi chifukwa chenicheni. Intaneti idachotsa thukutalo. Mu Seputembala 2024 khothi la apilo lidagamula pa nkhani ya Maricopa County ku Arizona kuti kuika zithunzi ndi mbiri za anthu osaweruzidwa pa tsamba la sheriff kungathe kukhala kulanga munthu mlandu usanazengedwe. Koma mwezi womwewo, sheriff wa Volusia County, kumpoto chakum'mawa kwa Orlando, adaika pa intaneti chithunzi ndi kanema wa mwana wa zaka 11 woganiziridwa kuti adaopseza sukulu, ponena kuti akufuna kuchenjeza ana ena ndi makolo awo. Kuopseza sukulu si nkhani yamasewera m'dziko limene ana aphedwapo m'makalasi. Komabe mwana ameneyo adzakhala bambo tsiku lina, ndipo chithunzicho chidzakhala chikumudikira.

Titatuluka m'khothi tinayenda wapansi kutsika ndi Orange Avenue, mitambo yakuda ya masana itayamba kusonkhana. Patangopita mphindi zochepa tinafika pa bwalo la Heritage Square, patsogolo pa khothi lakale la mu 1927, limene tsopano ndi nyumba yosungiramo mbiri ya Orange County. Pa bwalopo pali chikwangwani chachitsulo chimene chidaikidwa mu 2019, chokumbukira July Perry. Pa tsiku la chisankho, 2 Novembala 1920, m'tauni ya Ocoee kumadzulo kwa Orlando, munthu wakuda dzina lake Mose Norman adayesa kuvota n'kubwezedwa. Usiku womwewo gulu la azungu a mfuti lidazinga nyumba ya Perry pomufunafuna Norman, ndipo lidatentha nyumba ndi matchalitchi a anthu akuda, kupha anthu ndi kuthamangitsa otsala. Perry adavulazidwa, kumangidwa n'kutengeredwa ku Orlando. Kusanache gululo lidamuchotsa m'manja mwa boma n'kumupachika. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adalangidwa chifukwa cha imfa yake.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Perry adali m'manja mwa county imeneyi, ndipo funso limene lidasowa woliyankha silidali la nkhope yake. Lidali lakuti ndani adamugwira, ndani adasunga makiyi, ndani adatsekula chitseko. Ufulu woona zikalata za omangidwa udabadwira mafunso amenewo. Nyali idayatsidwa kuti iunikire dzanja logwira unyolo, ndipo ife taitembenuza kuti izithobwa m'maso mwa womangidwayo.

Kaundula wosungidwa bwino amathanso kuchitira umboni anthu amene boma lidawalakwira. Mu 2004 wachiwiri kwa sheriff wa Montgomery County ku Alabama, akukonza m'chipinda chosungiramo katundu, adapeza zithunzi za anthu amene adamangidwa mu Febuluwale 1956 chifukwa chonyanyala mabasi a tsankho. Pakati pawo padali Rosa Parks atanyamula nambala 7053 ndi Martin Luther King Jr. ali ndi 7089. Amene adawajambula ankafuna kuwalemba ngati ophwanya lamulo. Lero zithunzi zomwezo ndi mlandu wa amene adawamanga. Chikanakhala kuti zidatenthedwa pofuna kusunga ulemu wa wina, mbadwo uno ukanataya umboni.

Choncho sindinachoke ku Orlando ndikufuna kuti zitseko zitsekedwe. Mayi wa jumbo ya mankhwala uja ayenera kupeza mwana wake pakati pa usiku. Mtolankhani ayenera kuwerenga kuti apolisi amanga angati, a mtundu wanji, m'madera ati, ndiponso kuti ndi angati mwa iwo amene milandu yawo idagwa. Dzina la wapolisi womanga, nthawi, malo ndi chifukwa, zonsezo zikhale poyera. Chimene ndikukana ndi theka la choonadi. Ngati boma lili ndi mphamvu yolengeza m'maola ochepa kuti lagwira munthu, likhalenso ndi udindo wolengeza pamalo omwewo, ndi mawu omveka, kuti lamusiya. Nkhope isatuluke pokhapokha pali chifukwa, monga kufunafuna wothawa kapena kuitana mboni zina. Ndipo munthu amene sanapezeke wolakwa asachite kulipira kuti abwezeredwe dzina lake, pakuti si iye amene analiipitsa.

Kwathu tilibe tsamba la ndende lotere, koma chizolowezi chake tili nacho. Mneneri wa polisi akamalengeza za woganiziridwa amatchula dzina, zaka, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera, ndipo pofika madzulo chithunzi cha munthuyo atakhala pansi pambali pa katundu chimakhala chazungulira m'magulu onse a WhatsApp. Mudzi wonse umasenza manyazi. Akadzamasulidwa ndi khothi patapita miyezi, ndi kangati pamene timamva chilengezo chachiwiri? Lamulo lathu lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo tsiku lidzafika pamene makaundula a polisi ndi a makhothi athu adzalowa m'makompyuta. Ndi bwino tiphunzire pa Florida tisanafike pamenepo, titenge kutsekula kwake n'kusiya malonda a nkhope.

Mvula inayamba kudontha tili pa chikwangwani paja, ndipo tinathamangira ku galimoto. Pobwerera tinadutsanso pafupi ndi 33rd Street. Pakhomo lotulukira panaima mnyamata wina atanyamula kathumba koonekera mkati, muli lamba, foni ndi makiyi, akuyang'ana uku ndi uku ngati pali womudikira. Sindikudziwa ngati anali mwana wa mayi uja, ndipo sindikudziwa ngati analakwa. Alamu anachepetsa liwiro kuti asamuthire madzi a mumsewu. Foni yawo inali pa mpando pakati pathu, ndipo tikanafuna tikanadziwa dzina lake ndi mlandu wake tisanafike pa maloboti. Palibe anaigwira. Tinamusiya akumanga lamba wake pamvula, akadali munthu amene khothi silinamupeze ndi mlandu.